Chala chimodzi, zipolopolo ziwiri

Mfuti ija inalira kawiri, chala chitakoka kamodzi.

Anaigwira ndi alamu anga. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa mzere, zotchinga makutu zili kumutu, ndikuyang'ana msana wawo. Phaa-phaa! Mofulumira moti wosadziwa akanati ndi luso. Chipolopolo choyamba chinaboola pepala pakati. Chachiwiri chinakwera n'kukalowa pamwamba penipeni pa chimulu cha dothi chomwe chimatchinga bwalolo. Woyang'anira anakuwa kuti aliyense aleke kuwombera. Alamu anachotsa magazini, anatulutsa chipolopolo chotsala, n'kuika mfuti patebulo ili yasa. Atatembenuka, nkhope yawo inali ya munthu amene walumidwa ndi galu wake yemwe.

Maso athu anakumana. Tonse awiri timadziwa zimene tinachita patebulo la kukhitchini mwezi umodzi m'mbuyomo.

Ndiyambe ndi kufotokoza mmene mwana wa ku Ntcheu anapezekera pabwalo lowomberapo mfuti kunja kwa Pretoria. Nditamaliza digiri yanga ya uinjiniya wa makina, ntchito inavuta kumudzi monga mukudziwira, ndiye achemwali anga anati bwera udzayese kuno. Amuna awo ndi a konkuno ku Joni. Mkati mwa sabata amagwira ntchito kukampani ya zachitetezo, Loweruka amakachita masewera owombera, aja opikisana kuti ndani alase bwino m'masekondi ochepa. Kwathu mfuti ndi ya apolisi, asilikali ndi achifwamba, mwinanso gogodela ya agogo ena osaka nyama. Kuno ndinadabwa kuona bambo wa banja akuipukuta ngati njinga.

Komatu si kuti ndi chisawawa. Lamulo lawo la mfuti, Firearms Control Act ya chaka cha 2000, limafuna kuti munthu ayambe waphunzira n'kupatsidwa satifiketi yoti ndi woyenera, kenako mfuti iliyonse ikhale ndi laisensi yakeyake, ndipo ikakhala kunyumba izigona m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma kapena pansi. Ine ndilibe laisensi. Lamulolo limalola mwini mfuti kubwereka mnzake pamalo oyenera, bola mwiniyo ataima pomwepo. Umo ndi mmene ndinaphunzirira kuwombera.

Mfuti ya alamu ndi Glock 17, pisitolo ya ku Austria yomwe kampani ya Gaston Glock inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ikamachoka kufakitale, kachitsulo kokoka ndi chala, trigger, kamafuna mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5 kuti mfuti ilire. Kwa alamu zimenezo zinali zolemera. Anzawo a kumasewera anali ndi ma trigger ofewa, ongoti khwa, ndipo iwo ankakhulupirira kuti masekondi awo akuthera pamenepo. Anaitanitsa zipangizo pa intaneti: trigger yatsopano yofiira, kachitsulo kotchedwa connector, ndi timasipuling'i tiwiri tofewa. Papaketi analemba kuti n'zongolowetsa basi, osafuna mmisiri.

Tinaziika usiku wina, foni itatsamira pa botolo la shuga, mzungu wa pa YouTube akutiuza chochita. Titamaliza, alamu anakoka trigger mfuti ilibe kanthu n'kunena kuti ikumveka ngati muli mchenga. Apa ndi pamene ndinalowerera. Ndinati alamu, kukhulana kwa zitsulo ndi phunziro langa, ndinalilemba mayeso. Ndinatenga kamakina kopukutira zitsulo kaja kozungulira, n'kupukuta malo onse amene ndinaona kuti akukhudzana, mpaka anawala ngati supuni ya alendo. Trigger inafewa zedi. Alamu anandimenya paphewa n'kuuza achemwali kuti fizi ya mlongo wawo sinapite pachabe.

Ndikadati tsoka linabwera mwadzidzidzi ndikadanama. Mfutiyo inatichenjeza katatu. Loweruka loyamba, trigger inakana kubwerera kutsogolo itawombera. Alamu anachita kuikankha ndi chala. Tinati ndi yatsopano, izolowera. Loweruka lachiwiri inangoti tiki, chipolopolo osaphulika. Titachitulutsa tinaona kuti msomali wa mkati wangodinda pang'ono kumbuyo kwake. Tinati zipolopolo zotchipa. Tinagula zodula, zinachitanso chimodzimodzi. Tinati mwina yada, tinaitsuka. Tinati mwina yauma, tinaithira mafuta, ochuluka kuposa amene imafuna.

Chimene chimandipweteka ndikakumbuka n'chakuti ndinkadziwa njira yoyenera. Ku koleji anatiphunzitsa kuti makina akavuta, usinthe chinthu chimodzi, uyese, ulembe, kenako usinthe china. Ife tinasintha zinthu zinayi usiku umodzi, n'kuwonjezapo kupukuta kwanga kosabwezeka. Panalibe njira yodziwira kuti cholakwa n'chiti. Ndipo sindinkafuna kudziwa, chifukwa mwa zisanuzo, chimodzi chinali ndi dzina langa.

Tsiku la kulira kawiri lija, alamu anafotokozera achemwali m'Chingerezi, mofewetsa nkhani. Achemwali anamvetsera osayankha. Kenako anatembenukira kwa ine n'kulankhula Chichewa, chimene amachita akafuna kuti amuna awo asamve.

"Iwe, unaikapo dzanja lako pa chimenechija?"

"Pang'ono chabe, achemwali."

"Pang'ono. Ukudziwa kuti agalu akauwa usiku, bambo ake a mwanayu amatenga chomwecho? Amadutsa nacho pakhomo pa chipinda cha mwana. Iweyo umagona mbali inayo ya khoma."

Mwana wawo ali ndi zaka zinayi. Nthawi imeneyo anali pansi akusewera ndi zingwe za nsapato zanga, akunditchula kuti malume. Sindinayankhe. Mfuti inalowa m'bokosi lake itapatulidwa pawiri, ndipo achemwali anati isatulukemo kupatula tsiku lopita kwa wokonza.

Kupeza wokonzayo ndiye inali ntchito. Alamu atafunsa pagulu lawo la WhatsApp, mayankho anabwera ngati mvula. Wina amati ndi sipuling'i, wina amati connector, wina amati mtundu umenewo wa trigger ndi wabodza, gulani uwu. Aliyense dokotala. Mmodzi anatipatsa nambala ya munthu wokonzera m'galaja ya kunyumba kwake. Tinamuimbira. Anati bweretsani madzulo ano, ola limodzi yatheka, ndalama yapamanja. Sanafunse za laisensi, sanafunse chimene chinachitika. Alamu atafunsa ngati iye ali ndi laisensi ya umisiri wa mfuti, anaseka. Kuno kusiya mfuti yako m'manja mwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mfuti yolira kangapo pa kukoka kumodzi ili m'gulu la zoletsedwa. Alamu, amene mpunga wawo umadalira mbiri yoyera kupolisi, anadula foni.

Kenako tinapita kusitolo ina yaikulu, ya magalasi ndi nyali zowala. Mnyamata wa pakauntala anamva theka la nkhani n'kutulutsa paketi ina ya trigger, yodula kuposa yoyamba. Tinathokoza n'kutuluka.

Amene anatithandiza ndi woyang'anira bwalo uja, yemwe anatikuwira. Anati kuli mdala wina kumafakitale, koma muyembekeze, ali ndi mzere wa masabata atatu, ndipo salankhula zokoma. Ndaona kuti amisiri abwino ambiri amatchulidwa choncho, ndi kachenjezo. Ngakhale kwathu, telala amene aliyense amadandaula kuti amachedwa ndi yemwe amasokera akwati.

Shopu yake inali kachipinda kakang'ono kuseri kwa zitseko ziwiri zachitsulo, laisensi ili m'felemu pakhoma. Asanaigwire mfuti anapempha khadi la laisensi ya alamu, nayerekeza nambala ya pakhadi ndi ya pamfuti, n'kulemba m'kaundula wake. Funso lake loyamba linali lakuti zipangizo zoyambirira zili kuti. Mwamwayi achemwali anali atazisunga m'kabotolo ka mayonezi. Kenako anati tifotokoze zonse mwandondomeko, chinayamba n'chiyani, pa zipolopolo zingati, za mtundu wanji. Ankalemba ndi pensulo.

Anachotsa kachivundikiro ka kumbuyo kwa mfuti n'kuikapo kena ka mtundu wa lalanje, kodulidwa theka, koti munthu azitha kusuzumira mkati. Anatiitana mmodzimmodzi. Mkatimo muli malo amene kachitsulo kochokera ku trigger kamagwira msomali wowombera uja n'kuuletsa kuthamangira kutsogolo nthawi isanakwane. Anati zitsulo ziwirizo zimayenera kugwirana mokwanira, magawo awiri mwa atatu kapena kuposa. Zathu zinkangopsompsonana kunsonga. Kugwedezeka kwa chipolopolo choyamba kunali kokwana kuti ziphonyane.

Anatulutsa kachitsuloko, nakaika pansi pa galasi lokuza zinthu, n'kukhala chete nthawi yaitali.

"Anapukuta ndani apa?"

Alamu anatsegula pakamwa kuti anditchinjirize. Ndinawatsogolera. Ndinati ndine, bambo.

"Umagwira ntchito yanji?"

Mawu akuti injiniya sanandilemerepo m'kamwa ngati tsiku limenelo. Ndinayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangondipatsa galasi lija, n'kundipatsanso kachitsulo katsopano ka kufakitale kuti ndiyerekeze. Katsopanoko kanali kosawala, koma m'mphepete mwake munali ngodya yakuthwa. Kanga kanali kokongola, ngodya itasanduka yobulungira. Ndinali nditafafaniza chinthu chokhacho chimene chinkagwira.

Sanathere pa ine. Anati Glock ili ndi zotetezera zitatu zimene sizioneka ngati batani: kalilime ka pa trigger pomwepo, kachitsulo kotsekereza msomali, ndi kashelefu koletsa kuti mfuti ikagwa pansi isalire. Ziwiri za mkatizo zimadalira kuti trigger ibwerere kutsogolo mpaka pamalo pake. Yofiira ya alamu inapangidwa kuti ifupikitse ulendo umenewo, ndipo pa mfuti iyi inaufupikitsa mopitirira, moti zotetezerazo zinali zitatseguka kale pang'ono chala chisanafike. Sipuling'i yofewa ya msomali ndi imene inkachititsa kuti zipolopolo zisaphulike. Choncho matenda anali atatu, ndipo aliyense wa pa WhatsApp uja ananena zoona pang'ono.

Alamu anafunsa ngati angathe kuikonza koma ikhalebe yofewa. Mdalayo anafunsa ngati mfutiyi ndi ya masewera okha kapena ndi yomwenso amadzuka nayo usiku. Atamva yankho anati ayi. Anati munthu wodzidzimuka kutulo chala chake sichidziwa kusiyana kwa kilogalamu imodzi ndi ziwiri, ndipo ngati akufuna ya mpikisano akapemphe laisensi ya mfuti ina, adzaikonza mosangalala. Alamu anayesa kukambirana. Mdalayo anayamba kubwezera zidutswa m'thireyi ngati akuti tengani muzipita. Alamu anagonja.

Tinakaitenga patapita masiku khumi. Zonse za mkati zinali za kufakitale, zatsopano. Anatisonyeza pepala la zimene anayeza, kulemera kwa trigger kasanu, ndi zipolopolo zimene anawombera poiyesa. Bilu inaposa mtengo wa zipangizo zimene zinayambitsa nkhaniyi. Ndinalipira theka ndi ndalama za maganyu anga ojambula mapulani, alamu akukana, achemwali akuti musiyeni alipire.

Potuluka, mdala uja anandiitana n'kundipatsa kajumbo kakang'ono. Munali kachitsulo kanga kaja. Anati sikagwiranso ntchito m'mfuti iliyonse, ndikasunge.

Masekondi a alamu kumasewera sanasinthe kwenikweni, zomwe sitikambirana. Kachitsuloko kali m'kabati yanga, pamodzi ndi pasipoti ndi satifiketi ya digiri. Nthawi zina ndikamakonzekera intavyu ndimakatulutsa n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete mwake, pamalo pamene chimayenera kukodwa. Chimangotsetsereka.