Manyazi anapha lambe, ine anandilanda kiyibodi

Kiyibodi ija inali Yamaha PSR-S970, ndipo inandidyetsa zaka zisanu m'maukwati ndi m'misonkhano ya mapemphero. Fizi ya mwana itandipanikiza, ndinaijambula n'kuiika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a oyimba. Mtengo ndinati K1,800,000.

Lachisanu madzulo kunyumba kwathu ku Area 25 kunafika bambo wina wovala jekete, Baibulo lili m'khwapa. Anati ndi mkulu wa mpingo, akugulira kwaya ya achinyamata. Anadina makiyi onse, anatchera khutu ku masipika, anafunsanso ngati adaputa ndi yake yeniyeni. Koma mtengo sananenerere ngakhale pang'ono. Mpomwe ndikanadzidzimukira pamenepo, chifukwa munthu wogula ndi thukuta lake amanenerera ngakhale mulu wa tomato.

"Achimwene, ndalama zambiri chonchi sitiyenda nazo m'thumba. Ndipatseni nambala ya akaunti," anatero.

Anadinadina foni yake, yanga n'kulira. Uthenga unati ndalama zalowa, dzina langa lilipo, ziro zonse zilipo. Mayi a kunyumba anandikodola n'kundinong'oneza kukhitchini: "Bambo, taonani kaye ku akauntiko." Ndinawakalipira chamumtima. Munthu wa Mulungu ndimukayikire iye akuona? Kiyibodi ndinanyamula ndekha mpaka mu takisi, n'kumuwonjezera sitandi yaulere.

M'mawa mwake mu akaunti munali K23,000 yanga yakale ija. Nditauyang'anitsitsa uthenga uja, ndinaona kuti unachokera pa nambala wamba ya foni, ndipo unakhala pawokha, osati pamzere wa mauthenga ena a banki. Foni ya mkulu wa mpingo inali yozima. Kupolisi anandifunsa nambala ya siriyo, ija imalembedwa pakapepala kunsi kwa kiyibodi. Zaka zisanu zonsezo sindinaitembenuzepo n'komwe.

Patapita miyezi ndinagulitsanso gitala ya besi pa K600,000, chifukwa fizi sidikira munthu kuti alire kaye. Wogula ndinamuuza kuti tikumane m'banki, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera ndi ndalama za K5,000 zokwana 120. Sindinawerenge ndi malovu pakhonde ayi. Tinapereka kwa wapakauntala, makina anawerenga, iye anaziyang'ana ngati n'zenizeni, n'kuziika mu akaunti yanga. Risiti ili m'manja, ndipamene gitala inachoka paphewa langa. Tinalemberana kapepala: nambala ya siriyo, mtengo, tsiku, ndi nambala za ziphaso zathu za unzika.

Mnyamatayo anadandaula kuti ndikumuyesa wakuba. Ndinangomuuza nkhani ya jekete ndi Baibulo, iye n'kuseka mpaka mlonda anatiyang'ana.

Zing'onozing'ono monga maikolofoni ndimalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma ndimadina ndekha *211# kapena *444# kuti ndione zomwe zilimo. Chithunzi cha risiti cha pa WhatsApp sindichiwerengera. Cheke ndinkakana, chifukwa chinkatha kubwerera katundu atafika kale ku Mzuzu. Wina anayesapo zoti watumiza zopitirira ndimubwezere zapamwamba. Ndinamuuza adikire ndione kaye, ndipo sanaimbenso.

Fizi yoyamba ija tinalipira ndi ngongole ya banki m'khonde, mayi a kunyumba ndiwo anakatenga, ndipo mpaka lero sanandikumbutsepo za kukhitchini kuja. Ine ndikamva PSR ikulira paukwati, ndimasendera kufupi ngati ndikukafupa, maso ali pakona yakumanzere pomwe yanga inapsa ndi kandulo magetsi atazima.