Ukazembe wopanda chikwangwani ku Hong Kong

Chipani cha Mao Zedong chitatenga boma la China mu 1949, Hong Kong inali idakali m'manja mwa Angerezi. Atsogoleri a ku Beijing sakanatumizako kazembe ngati mmene amachitira kumaiko akunja, chifukwa kutero kukanakhala kuvomera kuti derali n'la eni ena. Mmodzi wa atsogoleriwo, Zhou Enlai, atapempha, chapakati pa zaka za m'ma 1950, kuti kukhaleko nthumwi ya boma lake, bwanamkubwa wa Hong Kong, Alexander Grantham, anakana. Ankaopa kuti mzinda umodzi ukhala ndi abwanamkubwa awiri.

Koma anansi angadane bwanji, moto amapalanabe. Ntchito ya ukazembe inagwera nthambi ya Xinhua, bungwe la atolankhani a boma la China. Kunja ankati ndi olemba nkhani. Koma kukabuka vuto kumalire, mlangizi wa bwanamkubwa pa zandale ankalankhula ndi iwowo, mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti sakudziwa udindo weniweni wa mnzake.

Chimene chimandiphunzitsa kwambiri pankhaniyi ndi madzi. M'chilala cha 1963, mipope ya ku Hong Kong inkatuluka madzi maola 4 okha pa masiku 4 alionse. Amayi ndi ana ankafola m'misewu ndi zidebe ndi zitini, kudikira kuti mpope ukhosomole. Akuluakulu a chigawo cha Guangdong ku China analola kuti sitima zizikatunga mumtsinje wa Pearl. Mu 1964 anasainirana pangano ndi akuluakulu a Hong Kong, ngati nkhani wamba ya malonda, osakhudzako zoti mwini dziko ndani. Pofika 1965 madzi a mtsinje wa Dongjiang anali akufika mumzindamo.

Chinsinsi chake n'chomwecho: nkhani imene ingathetse ubale mumaisiya pambali, n'kuyamba ndi zimene sizingadikire.

Sikuti zonse zinali myaa. Mu 1967 ofesi ya Xinhua yomweyo inkasonkhezera nawo zipolowe. Apolisi 5 anaphedwa ku Sha Tau Kok mu Julaye, ndipo mu Ogasiti ofesi ya Britain ku Beijing inatenthedwa. Pempho la Hong Kong lofuna madzi owonjezera silinayankhidwe n'komwe. Komabe pa 1 Okutobala madzi anatsegulidwa monga mwa pangano. Mkwiyo unali ndi malire ake.

Ine njira imeneyi ndimaitama, koma mosapitirira muyeso. Zokambirana za kuseri zimapulumutsa anthu ku ludzu, inde, koma zimazoloweretsanso akuluakulu kugamula nkhani eni ake kulibe. Pokambirana za tsogolo la Hong Kong kuyambira 1982 mpaka 1984, a ku Beijing anakana zoti anthu a mumzindawo akhale ndi mpando wawo. Ngakhale bwanamkubwa Edward Youde ankalowa monga mmodzi wa nthumwi za Britain.

Angerezi anachoka mu 1997. Mu 2000 nthambi ya Xinhua ija inasinthidwa dzina, n'kukhala poyera ofesi yoimira boma la Beijing ku Hong Kong.