Khungu Loyera Lili pa Lendi

Mchimwene wanga akuphunzira ku Wuhan, ku China. Chaka chatha anakafunsira ganyu yophunzitsa ana Chingerezi pa sukulu ina, koma mwayi unagwera mnzake wa ku Russia amene Chingerezi chake n'chothyokathyoka. Mwini sukulu sanabise mawu: makolo akalipira amafuna kuona mzungu.

Atandiuza, ndinangoti azungu kumeneko akudyerera basi. Maganizo anga anasintha nditaonera filimu ya Dream Empire ya 2016. Imaonetsa makampani omanga nyumba kudera la Chongqing akubwereka alendo, makamaka azungu, kuti aziimba kapena kungoonekera pa zionetsero, ogula aziti malowo ndi apamwamba. Azungu eni ake amatcha ganyu yotereyi "white monkey". Palibe amafunsa zomwe munthuyo akudziwa, chifukwa malonda ndi nkhope yake. Ndipo ngakhale akhale zaka 20 n'kudziwa Chitchaina bwinobwino, amatchedwabe laowai, kutanthauza mlendo.

Komabe tisanamizane kuti ululu wake ndi umodzi. Mu Epulo 2020, Covid-19 itavuta, amene anatulutsidwa m'nyumba za lendi ku Guangzhou n'kumagona panja anali anzathu a ku Africa. Mzungu amasanduka chokongoletsera, koma amalipidwa.

Chimene chikundivuta n'chakuti sindingaloze chala Atchaina okha. Pa kampasi pathu pompano ndinaona mzungu wamsinkhu wanga akupatsidwa mpando wakutsogolo, mphunzitsi wathu wa mbiri yakale ataima kumbuyo. Tsiku limenelo sindinadabwe n'komwe. Ndinaomba nawo m'manja.