Kalata yochokera ku South Bend

South Bend, Indiana

Okondedwa amayi,

Ife kuno tili bwino. Adzukulu anu akukula, bambo awo akugwirabe ntchito ya usiku, ineyo ndidakali kosamalira okalamba kuja. Ndati ndilembe kalata yaitali chifukwa pafoni timangothamanga, netiweki ikadula nkhani yathera pomwepo. Achimwene akuwerengereni pang'onopang'ono madzulo mukatha kudya. Mbali ina ya nkhaniyi ndi yawo, poti ali mu komiti ya sukulu.

Munandifunsa kuti kodi mzinda wathuwu ndi wotani. Si waukulu kwenikweni, anthu ake amangopitirira pang'ono 100,000. Pakati pake padutsa mtsinje wa St. Joseph, ndipo chakumpoto kuli yunivesite ya Akatolika ya Notre Dame, yomwe timu yake ikamasewera mzinda wonse umadzaza magalimoto. Kale kunali fakitale yaikulu ya magalimoto ya Studebaker. Idatsekedwa mu 1963, ndipo nkhalamba zomwe ndimasamalira zimaikambabe ngati idatsekedwa dzulo. Ku Chicago timapita pa sitima. Amalawi tilipo ambiri ndithu, moti pa maliro kapena pa chinkhoswe mutha kuiwala kuti muli kunja. Chovuta ndi kuzizira. Tili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndiye mphepo ikaomba kuchokera kunyanjako imatitutira sinowo wambiri kuposa madera ena.

Koma chomwe chandilembetsa ndi chithunzi chija munaseka pa WhatsApp, mdzukulu wanu wamng'ono atagwada pansi, mutu pa maondo, manja ataphimba kukhosi. Munati mwanayu wayamba kupemphera mwachilendo. Si pemphero, amayi. Amawaphunzitsa kusukulu kuti azitero kukabwera chimphepo cha tornado, kavuluvulu wamkulu yemwe amazula nyumba yonse n'kusiya maziko okha. Mu 1965, Lamlungu la Kanjedza, chimphepo chotere chidapha anthu ambiri m'boma loyandikana nafe la Elkhart. Ndiye mumzinda muno adaika masailini pa mitengo italiitali. Akalira, aphunzitsi amatulutsa ana m'kalasi, amawandandika m'khonde lam'kati lopanda mawindo, aliyense agwade monga munaonera muja. Amayeserera zimenezi kunja kuli ngwee, kopanda ndi mtambo womwe. Za moto amayeserera pafupifupi mwezi ndi mwezi: belu likalira, kalasi iliyonse imadziwa khomo lake ndi malo ake oima pabwalo, mphunzitsi atanyamula kaundula n'kumaitana mayina mmodzimmodzi.

Kuyeserera kwachitatu ndiko kumandisowetsa tulo. Ana amaphunzitsidwa chochita munthu wa mfuti akalowa pasukulu. Musadzidzimuke, sizinachitike pasukulu ya adzukulu anu. Koma m'dziko muno zimachitika. Mu 2012 ku Sandy Hook munthu adapha ana 20 a zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, pamodzi ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi. Mu 2022 ku Uvalde, Texas, adafa ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Ngakhale muno mu Indiana, mu 2018 ku Noblesville mnyamata wa zaka 13 adaombera mnzake wamkazi ndi mphunzitsi m'kalasi. Mphunzitsiyo, ali ndi mabala, adamugwetsa pansi mnyamatayo, ndipo mwa chisomo cha Mulungu palibe adafa. Mfuti kuno zimagulitsidwa m'masitolo, ndipo kuyambira mu 2022 munthu wamkulu muno mu Indiana atha kuyenda ndi mfuti yaing'ono popanda chiphaso.

Mdzukulu wanu wamkulu adandifotokozera momwe zimakhalira. Mawu amamveka pa zokuzira mawu za m'makalasi. Mphunzitsi amakhoma chitseko, amazimitsa magetsi, amaphimba kawindo ka pachitseko. Ana onse amaunjikana pakona pomwe munthu wosuzumira sangawaone, n'kukhala chete, osatsokomola, osaseka. Kenaka wina amadutsa m'khonde akugwedeza zitseko kuti aone ngati zakhomedwa. Iye akuti mphindi imeneyo, chogwirira chitseko chikamagwedezeka, mtima umagunda ngakhale akudziwa kuti ndi ahedi. Tsiku lina ndikumuluka tsitsi adandifunsa kuti, “Amama, nanga zikadzachitika ine ndili kuchimbudzi?” Ndidamuyankha zomwe aphunzitsi adatiuza pamsonkhano, kuti asathamangire kukalasi, akhome pomwe alipo, akweze miyendo, akhale chete. Ndidayankha bwinobwino, koma manja anga adalephera kumaliza mzere womwe ndinkalukawo. Mwana wa msinkhu umenewo sayenera kuganiza zoterezi, ndipo ndimaona kuti akuluakulu a dziko lino asenzetsa ana katundu yemwe akadayenera kusenza okha.

Komabe sindingakane kuti pali zomwe amachita bwino, ndipo n'zomwe ndikufuna achimwene amve. Sukulu za boma kuno zili m'magulu, gulu lililonse ndi bodi yake, nthawi zambiri yosankhidwa ndi anthu pavoti. Yathu ndi South Bend Community School Corporation. Misonkhano ya bodi ndi yotsegukira aliyense, kholo litha kuimirira n'kulankhula. Chachikulu n'chakuti sukulu sibisira makolo. Asanayeserere za mfuti amatumiza uthenga kuti tikonzekeretse ana. Sinowo akachuluka usiku, foni imalira m'bandakucha kutiuza kuti sukulu iyamba mochedwa ndi maola awiri, kapena ana aphunzirira pakhomo pa kompyuta. Kuzizira kuno kumatha kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo mwana woima pa siteji kudikira basi atha kuwonongeka zala.

Pachiyambi pa chaka, mu Ogasiti, timalemba fomu ya anthu ololedwa kutenga mwana. Amene dzina lake palibe sapatsidwa mwana, kaya ndi malume ake enieni. Ngakhale ine mayi wake sindingangolowa. Zitseko zimakhala zokhoma, ndimadina kabatani, kamera imandiyang'ana, kenaka ku ofesi amaona chitupa changa n'kundimata kapepala ka dzina pachifuwa. Poyamba zinkandiwawa, ndinkati anthuwa sandidziwa kodi? Pano ndikamuona mayi wa ku ofesi uja akufunsa chitupa kwa bambo wovala suti monga momwe amandifunsira ine, mtima umakhala pansi. A kusukulu adatiuzanso kuti kukagwa ngozi tisathamangire kusukulu, chifukwa magalimoto athu angatsekere ambulansi njira. Tidikire uthenga wonena komwe apititsa ana, tikawatenge kumeneko ndi chitupa m'manja. Lamulo limeneli ndi lolimba kwa mayi, koma ndikuona nzeru yake.

Za mabasi achikasu aja mumawaona m'mafilimu, nazonso zili ndi malamulo. Basi ikaima imatulutsa chikwangwani chofiira m'mbali, magetsi n'kumathwanima, ndipo magalimoto ayenera kuima mpaka ana awoloke. Mu 2018 kufupi ndi Rochester, kumwera kwa kuno, galimoto idapitirira chikwangwanicho n'kupha ana atatu a banja limodzi akuwoloka kukakwera basi. Chaka chotsatira boma lidakhwimitsa chilango. Nkhani zina zimabwera m'kalata ya sukulu ya sabata ndi sabata, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi: za katemera, za chakudya cha ana, za komwe banja losowa lingakatenge majekete. Ndipo mumve izi, amayi: kuno akutseka sukulu chifukwa ana achepa. Sekondale ya Clay idatsekedwa mu 2024, makolo ambiri akudandaula. Ndidakumbukira ana a sitandade 1 kwathu, odzaza mpaka pakhomo.

Tsopano achimwene, tamverani. Ife kwathu vuto si mfuti, koma madzi. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 tidakhala masiku osadziwa ngati muli moyo, mafoni osagwira, ife kuno tikungoona zithunzi za ku Muloza ndi ku Phalombe tikulira. Sukulu zidatsekedwa, zina zidasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ndimadzifunsa kuti madzi aja akadatsika phiri masana ana ali m'kalasi, aphunzitsi akadawatengera kuti? Ndani akadadziwa kuti ana a kutsidya asawoloke, agone pasukulu kapena kwa akuakuti? Zambiri zomwe ndaona kuno sizilira ndalama. Kamera ndi masailini tilibe, koma belu lachitsulo lija lilipo, kaundula alipo, ndipo mafoni m'mudzi ndi ambiri masiku ano. Komiti itha kukhala pansi ndi ahedi, amfumu ndi amayi a mother group, n'kugwirizana malo okwera othawirako ndi njira yake. Dzinja lisanayambe, ana ayende njirayo ndi aphunzitsi awo tsiku lopanda mvula, kalasi ndi kalasi, mpaka wamng'ono wa sitandade 1 aidziwe ndi miyendo yake. Alembe m'kope mwana aliyense wowoloka mtsinje, ndi nambala ya kholo kapena ya mnansi. Agwirizanenso kuti mvula ikafika poti, ndani ali ndi mphamvu yonena kuti lero ana asabwere, ndipo uthengawo uyenda bwanji. Anthu ena adzati mukuitana tsoka. Auzeni kuti mlongo wanu ali kudziko komwe ana amayeserera zoopsa kuposa izi, ndipo madzulo amabwera kunyumba n'kudya, n'kusewera. Ngati pafunika makope, mapeni kapena mayunitsi a ahedi, ndiuzeni, ndiika padera.

Ndalama ya feteleza nditumiza kumapeto kwa mwezi uno kudzera kwa achimwene. Amayi, mankhwala a BP aja musadumphitse, ndipo mukapita kuchipatala akuyezeninso shuga. Ufa ndi usipa munatipatsira zija zidafika bwino, adzukulu anu adanyambita mbale. Akuti chaka chamawa sukulu ikatsekera mu Juni akufuna adzaone phiri la Mulanje ndi maso awo, ndipo tayamba kusunga pang'onopang'ono. Lamlungu tidzaimba tikachoka kutchalitchi, kwanuko kudzakhala kutada kale, ndiye foni ikhale yotchaja. Mupereke moni kwa azakhali, kwa amfumu ndi kwa amayi onse a chigwirizano.

Ndine mwana wanu,
wa ku South Bend