Wakuuzani Ndani?

Ife tinaphunzira kuwerenga tili akulu. Kale tinkapempha mwana kuti atiwerengere kalata. Lero timawerenga tokha, ndipo pepala timalipatsa ulemu. Timati: "Zalembedwa, ndiye kuti n'zoona." Koma tamverani zimene zinacitika ku dziko la Germany.

Kumeneko kunabadwira Michael Schumacher, katswiri wa mpikisano wa magalimoto. M'caka ca 2013 anagwa paphiri ku France, navulala kwambiri m'mutu. Kuyambira pamenepo sanalankhulenso pagulu. Abale ake amamusamalira kunyumba.

M'caka ca 2023 magazini yotchedwa Die Aktuelle inaika cithunzi cake patsamba loyamba. Inalengeza kuti yaceza naye. Mafunso analimo, mayankho analimo. Koma wodwalayo sanayankhe kanthu. Mayankho onse inalemba ndi kompyuta, ndipo magaziniyo inaulula zimenezi m'kati mwa nkhani, anthu atagula kale.

Nzeru za kompyuta zoterezi zimatchedwa AI. Kompyutayo imaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri za anthu. Ikafunsidwa, imasanja mau, liu lina pambuyo pa linzake, mpaka amveke ngati a munthu. Koma siinaone ngoziyo, ndiponso siinafike pamphasa ya wodwala.

Tonse tinadwazikapo matenda. Taganizani mlendo akuyenda m'mudzi, nanena mau amene m'bale wathu wodwala sananene, kuti apeze ndalama. Mtima ungatiwawe bwanji!

Eni magaziniyo anapepesa kwa abale, ndipo anacotsa mkonzi pa nchito. M'caka ca 2024 kunamveka kuti analipira banjalo ndalama zokwana ma euro 200,000. Kompyuta siinaitanidwe pa mlandu. Anayankha mlandu ndi anthu.

Sitikunena kuti atolankhani ataye makina amenewa. Amathandiza kulemba mau ojambulidwa ndi kumasulira zilankhulo. Koma pafunika malamulo. M'caka ca 2023, mumzinda wa Paris, bungwe la Reporters Without Borders pamodzi ndi mabungwe ena linatulutsa mfundo 10. Imodzi ikuti nyumba ya nkhani ndiyo mwini wa zonse zimene yafalitsa. Ina ikuti owerenga azidziwitsidwa poyera zimene zapangidwa ndi makina.

Kwathu, munthu akabweretsa nkhani pabwalo, akulu amamufunsa: "Wakuuza ndani? Unaona ndi maso ako?" Akasowa yankho, amakhala pansi. Anzathu, nyuzi, wailesi ndi foni tizizifunsanso cimodzimodzi. Tinavutika kuphunzira zilembo, titatopa ndi khasu, kuti munthu asatinamizenso. Makina nawonso asatinamize.

Mafunso okambirana
1. Kodi analemba mayankho a Schumacher ndani?
2. N'cifukwa ciani amene anacotsedwa nchito anali mkonzi?
3. Tikamva nkhani yacilendo pafoni, ticite ciani tisanauze ena?