Kuphunzira kukhala chete ku Leeds

Lolemba usiku

Kuno mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba, ndimafikira m'chipinda mopanda wondilonjera. Mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti ndiyese kusinkhasinkha: kukhala pansi, kutsinzina, n'kumamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ndangoyamba kumene, maganizo afika kale ku Dedza, akuwerengera ndalama ya feteleza imene amayi akudikira. Mwendo wachita dzanzi alamu ya mphindi khumi isanalire.

Lachinayi

Akuti maganizo akathawa usadzikalipire, ungowabweza ku mpweya. Kunena n'kosavuta. Njirayi anaifalitsa ndi Jon Kabat-Zinn, yemwe mu 1979 anayamba kuphunzitsa odwala ku University of Massachusetts, potengera kusinkhasinkha kwa Abuda. Nditamva zimenezi mtima unagunda, paja ndine mwana wa mayi wa Mvano. Koma palibe amene ndikumupembedza apa. Pemphero langa ndimapemphera monga kale, kenako ndimakhala chete.

Loweruka

Lero zandipweteka. Masiku onse kusungulumwa kukandigwira ndimathawira pa Facebook mpaka tulo. Foni itakhala patali, ndakumva bwinobwino: kulemera pansi pa nthiti, pakhosi pouma, nsagwada zolumana. Kuseri kwa khoma aneba amaseka ndi ana awo. Misozi yatsika yokha. Ndimafuna kudzuka, koma ndakhalabe, monga timakhalira ndi namfedwa pasiwa, osalankhula zambiri, kungokhalapo. Patapita kanthawi kulemerako kwayamba kusuntha, kwachepa, kwabweranso, kwachepanso. Sindimadziwa kuti kumasintha chonchi. Ndimayesa kuti kukabwera ndiye kwabwera mpaka m'mawa.

Lachiwiri

Ndawerenga za kafukufuku wa ku Carnegie Mellon University wa mu 2019. Anthu 153 anaphunzitsidwa kudzera pafoni kwa masabata awiri. Amene anaphunzira kuzindikira zimene akumva komanso kuzilandira, kusungulumwa kwawo kunatsika ndi 22 peresenti, ndipo anayamba kucheza ndi anthu ochulukirapo patsiku. Amene anangophunzira kuzindikira, osalandira, sanapindule chimodzimodzi. Zikugwirizana ndi za Loweruka lija. Kale ndikasungulumwa ndinkachita manyazi, ndiye wina akaimba foni sindinkayankha, kuopa kuti mawu anga andiulula.

Lachisanu

Kusungulumwa sikunathe, ndisaname. Mpweya sungandifunse kuti ndadzuka bwanji, sungadye nane nsima. Chimene chasintha n'choti mantha ochita nako achepa, ndipo mantha akachepa miyendo imapepuka. Dzulo ndinaimbira achemwali anga n'kuwauza zoona, osati "tili bwino" wa masiku onse. Anandikalipira chifukwa chobisa, kenako anandipatsa nambala ya mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Bradford. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga uja kuti Lamlungu ndikawaone mayiwo. Akuti ndipite ndi ufa, usipa ali nawo.