Volovolo ndi pisitolo: kalata kwa mphwanga

Wokondedwa mphwanga,

M'kalata yako unafunsa chifukwa chomwe eni mfuti za m'manja, makamaka a ku America, amakanganiranabe za volovolo ndi pisitolo, pomwe asilikali ndi apolisi anasankha kalekale. Yankho lake lili m'mbiri ya mfuti ziwirizi, choncho tiyambire komwe zinachokera.

Cha m'ma 1820, mfuti ya m'manja kawirikawiri inkawomba kamodzi basi. Mwini wake ankathira onga kukamwa kwa mpope n'kusinjira chipolopolo ndi kandodo, monga amachitira alenje a gogodela. Akaphonya, zake zada, chifukwa mdani sakanamudikira kuti athirenso onga.

Mnyamata wina wa ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut, dzina lake Samuel Colt, ndiye anasintha zinthu. Mu 1836, ali ndi zaka 21, boma la America linamupatsa chiphaso choteteza luso lake. Kumbuyo kwa mpope anaikako kamgolo kachitsulo ka zipinda 5, chipinda chilichonse ndi onga wake ndi chipolopolo chake. Munthu akakokera kahamala kumbuyo ndi chala chachikulu, kamgolo kankazungulira kokha, chipinda chotsatira n'kuima moyang'anizana ndi mpope. Poyamba malonda sanayende, ndipo fakitale yake ya ku Paterson, New Jersey, inagwa mu 1842.

Chinamudzutsa ndi nkhondo. Mu 1844, kagulu kochepa ka Texas Rangers kotsogozedwa ndi Jack Hays kanakumana ndi ankhondo a mtundu wa Comanche owachulukira kwambiri. A Comanche ankadziwa kuti mdani akawomba kamodzi, imeneyo ndiyo nthawi yomuthamangira. Koma anthu a Hays anali ndi mavolovolo a Colt, ndipo tsiku limenelo mfuti sizinasiye kulira. Mmodzi wa anthu a Hays, Samuel Walker, anathandiza Colt kukonza volovolo yaikulu ya zipinda 6, yolemera makilogalamu awiri, ndipo mu 1847 boma linaitanitsa mfuti 1,000 zotero pa nkhondo yake ndi Mexico. Uzikumbukira, mphwanga, kuti kutchuka kwa volovolo kunayambira pa magazi a eni nthaka omwe ankalandidwa dziko lawo.

Kenaka kunabwera chipolopolo chomwe tikuchidziwa lero, chokhala ndi onga, mutu ndi koyatsira m'khoko limodzi lachitsulo. Kampani ya Horace Smith ndi Daniel Wesson ya ku Springfield, Massachusetts, inatulutsa volovolo yotengera zipolopolo zotere mu 1857. Kampani ya Colt inatsatira ndi Single Action Army mu 1873, mfuti ija umaiona m'chiuno mwa oweta ng'ombe m'mafilimu akale. Mu 1899 Smith & Wesson inatulutsa ya Military & Police. Iyi inali yoti kungokhethemula kokha kunkakoka kahamala, kuzungulitsa kamgolo ndi kuwomba, ndipo kamgolo kankatsegukira kumbali kuti makoko onse 6 atuluke nthawi imodzi. Mfuti zamtundu umenewu zinapangidwa mamiliyoni, n'kukhala m'chiuno mwa apolisi a mayiko ambiri kwa zaka zoposa 70. Angerezi nawo anali ndi yawo ya Webley, yomwe gulu lawo lankhondo linavomereza mu 1887. Akuluakulu a asilikali awo ankayenda nayo konse komwe ufumu wawo unafika, kuphatikizapo omwe ankatsogolera King's African Rifles ku Nyasaland.

Pisitolo inachedwa chifukwa cha onga. Onga wakuda wakale unkasiya mwaye wambiri, ndipo makina a tizitsulo tosuntha sakanalimba nawo. Mu 1884 katswiri wa ku France, Paul Vieille, anapanga onga wopanda utsi, woyaka mwaukhondo. Apa amisiri anaona kuti mphamvu yomwe imakankha mfuti m'mbuyo ikawomba ikhoza kugwira ntchito. Mu pisitolo, mphamvu imeneyi imabweza chitsulo cha pamwamba, chitsulocho n'kutaya khoko lopanda kanthu. Sipuling'i imachibwezera kutsogolo, ndipo pobwerera chimatola chipolopolo china kuchokera m'magazini yobisika m'chogwirira. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Koma munthu amayenerabe kukhethemula pa chipolopolo chilichonse.

Ajeremani ndiwo anatsogola: ya Borchardt mu 1893, ya Mauser mu 1896, ndi ya Luger yomwe gulu lankhondo la dziko lawo linatenga mu 1908. Georg Luger yemweyo ndiye anakonza chipolopolo cha 9mm chomwe lero chafala dziko lonse. Komabe mmisiri yemwe nzeru zake zili m'mapisitolo ambiri mpaka pano ndi John Moses Browning wa ku Ogden, Utah. Asilikali a America pomenyana ndi ankhondo a Moro ku Philippines anadandaula kuti volovolo yawo ya .38 sinkagwetsa munthu msanga, ndiye boma linafuna mfuti ya chipolopolo chachikulu cha .45. Pa mayeso omaliza, pisitolo ya Browning inawomba zipolopolo 6,000 osatsamwa ngakhale kamodzi. Ikatentha kwambiri ankangoiviika m'madzi n'kupitiriza. Inavomerezedwa mu 1911 n'kutchedwa M1911, ndipo magazini yake inkatenga zipolopolo 7.

Browning ankagwiranso ntchito ndi kampani ya FN ya ku Herstal, Belgium. Kapisitolo kamodzi ka kampaniyi, ka mtundu wa 1910, ndi komwe Gavrilo Princip anaphera Franz Ferdinand ku Sarajevo pa 28 June 1914, imfa yomwe inayatsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Browning anamwalira mu 1926, ndipo mmisiri wa ku FN, Dieudonné Saive, anamaliza ntchito yomwe anasiya. Mu 1935 kunatuluka Hi-Power ya zipolopolo 13, kuposa mavolovolo awiri kuphatikiza.

Ngakhale zinali choncho, apolisi a ku America anakakamira volovolo kwa zaka zina 50. Anali ndi zifukwa zomveka. Mapisitolo a nthawi imeneyo ankakonda chipolopolo cha mutu wosalala, ndipo akapatsidwa cha mtundu wina ankatsamwa. Pisitolo ikatsamwa pamafunika manja awiri ndi mutu wozizira kuti iyambirenso. Volovolo chipolopolo chikakana, wapolisi ankangokhethemulanso, kamgolo n'kubweretsa chotsatira. Kuphunzitsa munthu watsopano kunalinso kosavuta, popeza panalibe kachitsulo kotsekera koti aiwale kutsegula. Apolisi a chigawo cha Illinois atasinthira ku pisitolo ya 9mm mu 1967, ambiri anawaona ngati achita zachilendo.

Tsiku lomwe mbali zonse ziwiri zimatchula pokangana ndi la 11 April 1986. Ku Miami, apolisi 8 a FBI anatsekereza galimoto ya achifwamba awiri othyola mabanki, Michael Platt ndi William Matix. Platt anali ndi mfuti yaitali. M'mphindi zosakwana 5, apolisi awiri, Jerry Dove ndi Benjamin Grogan, anali atafa, ndipo ena 5 anavulala. Mkulu wa gululo, Gordon McNeill, anawombedwa dzanja, n'kumaliza zipolopolo 6 za m'volovolo yake. Poyesa kulonga zina, chimodzichimodzi, ndi zala zosweka, magazi akuyenderera m'zipinda za kamgolo, zinakanika, ndipo anawombedwanso n'kugwa. Okonda pisitolo amati magazini imodzi ikanamupulumutsa ku zimenezi. Koma amene anathetsa nkhondoyo ndi wapolisi mnzawo Edmundo Mireles, yemwe mkono wake wamanzere unali utaphwanyika. Iye anadzuka, nayenda chodzandira kupita pa galimoto yomwe achifwambawo ankafuna kuthawira, n'kuwombera zipolopolo 6 za m'volovolo ndi dzanja limodzi. Okonda volovolo amati taonani, mfuti yomwe sinafune manja awiri ndi imene inamaliza ntchito.

A FBI anatengapo phunziro lawo. Anafuna chipolopolo cholowa kwambiri ndi mfuti yonyamula zambiri, ndipo anasiya volovolo. Nthawi yomweyo n'kuti ku Austria kutatuluka chinthu chatsopano. Gaston Glock, yemwe fakitale yake inkapanga zitsulo zokolowekapo makatani ndi mipeni ya asilikali, anali asanapangepo mfuti. Mu 1982 gulu lankhondo la dziko lake linasankha pisitolo yake, Glock 17, ya thunthu lapulasitiki lolimba, yopepuka, ya tizigawo tochepa, yotenga zipolopolo 17. Inali yosavuta kugwiritsa ntchito ngati volovolo, yosatsamwa wamba, ndiponso yotchipa kupanga. Asilikali a America anali atasiya M1911 mu 1985 n'kutenga Beretta ya zipolopolo 15. Pofika m'ma 1990, nthambi za polisi, kuphatikizapo ya mzinda wa New York, zinkasinthira ku pisitolo motsatizana.

Pa ntchito ya boma, mpikisano unathera pomwepo. Koma munthu wogula ndi ndalama zake saganiza ngati mkulu wa polisi, ndipo apa ndi pomwe volovolo yakhalirabe ndi moyo.

Choyamba ndi kuphweka kwake. Mwini wake akatsegula kamgolo amaona ndi maso ake ngati muli chipolopolo kapena ayi. Pisitolo imapusitsa: munthu akhoza kuchotsa magazini n'kuganiza kuti mfuti ilibe kanthu, chipolopolo chimodzi chitatsalira kumpope, ndipo ngozi zambiri zachitika motero. Okalamba ndi ena a manja ofooka amavutika kukoka chitsulo cha pamwamba pa pisitolo. Komanso pisitolo ikagwiridwa molobodoka imatha kutsamwa, pomwe volovolo siisamala za kagwiridwe.

Chachiwiri ndi mphamvu. Popeza volovolo siidalira chipolopolo kuti makina ake ayende, imalandira chofooka ndi champhamvu chomwe. Smith & Wesson inatulutsa .357 Magnum mu 1935, ndipo volovolo yake imawombanso zipolopolo zofatsa za .38 Special, zotchipa pophunzirira. Cha m'ma 1955 kunabwera .44 Magnum. Alenje a nyama zikuluzikulu ndi anthu oyenda m'nkhalango za Alaska, komwe kuli zimbalangondo, ambiri amanyamula mavolovolo otere. Kumbali inayi kuli timavolovolo ta mpope waufupi ta zipinda 5, monga Chief's Special ya mu 1950, tomwe timalowa m'thumba la jekete.

Chachitatu ndi mtima chabe. Filimu ya Dirty Harry ya Clint Eastwood itatuluka mu 1971, volovolo ya Model 29 yomwe ankanyamula mufilimuyo inasowa m'masitolo, ogula ambiri ali anthu oti sadzasakako nyama. Ena amakonda chitsulo chopukutidwa bwino, chogwirira chamtengo, ndi kaphokoso ka kamgolo kakamazungulira. Ena amasunga ya agogo awo omwe anali apolisi. Kampani ya Colt inasiya kupanga Python, volovolo yake yotchuka ya mu 1955, koma mitengo ya zakale itakwera kwambiri inaibweretsanso mu 2020.

Okonda pisitolo nawo ali ndi poyankhira. Amati zipolopolo 15 kapena 17 sizingafanane ndi 5 kapena 6, ndipo kusintha magazini kumatenga timasekondi tochepa. Amati kukhethemula volovolo kumafuna mphamvu yokwana makilogalamu ngati 5, zomwe zimagwedeza dzanja la wophunzira n'kumuphonyetsa. Pisitolo ndi yophwatalala, pomwe kamgolo kamatukumula chovala. Ndipo ngakhale volovolo siitsamwa kawirikawiri, makina ake a m'kati ndi osakhwima. Pisitolo ikatsamwa mwini wake amaikonza pomwepo, koma volovolo ikafa imafuna mmisiri.

Ukamvetsera bwino mkangano wonsewu, upeza kuti anthuwa akuopa zinthu ziwiri zosiyana. Wogula pisitolo amaopa kuti zipolopolo zidzamuthera. Wogula volovolo amaopa kuti mfuti idzamukanira, kapena kuti iye mwini adzasokonezeka ndi mantha. Mantha oyambawo ndi a wapolisi ndi msilikali, omwe ntchito yawo imawatuma kukalowa pomwe ena akuthawa. N'chifukwa chake maboma anasankha pisitolo, ndipo anasankha bwino. Mantha achiwiriwo ndi a munthu wamba wosawombera kawirikawiri, ndipo kwa iye volovolo ikadali ndi malo.

Pali china chomwe ogulitsa mfuti satchula, koma iwe uyenera kuchidziwa. Ziwerengero za boma la America zimaonetsa kuti mwa anthu ofa ndi mfuti chaka chilichonse m'dzikomo, oposa theka amakhala odzipha okha. Mfuti yogulidwa poopa wakuba imakhala m'nyumba momwe muli ana, mikangano ya banja, mowa ndi masiku a nkhawa. Pamenepo volovolo ndi pisitolo sizisiyana.

Kwathu kuno lamulo sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha boma, ndipo wopezeka nazo amamangidwa. Choncho, mphwanga, mbiriyi uidziwe ndipo uwafotokozere anzako akamatsutsana za m'mafilimu. Koma mnzako akadzatulutsa mfuti kuti akuonetse, ngakhale atalumbira kuti ilibe chipolopolo, usadzaigwire ndipo uchokepo. Ukadzatola mfuti kapena chipolopolo m'munda kaya m'njira, chisiye pomwepo, uletse ana kuyandikira, ukauze apolisi kapena amfumu.

Upereke moni kwa amayi ndi onse pakhomo.

Ndine mkulu wako.